Kalata yotseguka: Nyanja ya Chivero idachirapo kale, ichiritseninso

Kwa Olemekezeka a Meya ndi makhansala a mzinda wa Harare, Olemekezeka Anduna oona zachilengedwe ndi Anduna oona zamadzi, akuluakulu a mabungwe a EMA (loteteza chilengedwe), ZimParks (loyang'anira nyama zakutchire) ndi ZINWA (loyang'anira madzi), komanso makhonsolo a Chitungwiza, Ruwa ndi Norton.

Akuluakulu athu,

Landirani moni wathu waulemu. Tikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu, ndipo tikuthokoza chifukwa cha ntchito yomwe mumasenza m'malo mwathu. Ndife anthu olankhula Chichewa okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth ndi Norton. Talemba m'chilankhulo chathu chifukwa gawo 6 la malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 limachiwerengera pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komanso kuti agogo ndi amayi athu omwe amatunga madzi amve zomwe takuuzani. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho musatitenge ngati adani.

Nkhani yathu ndi ya Nyanja ya Chivero. M'mwezi wa Disembala 2024 a ZimParks adalengeza kuti zipembere zoyera 4, mbidzi 3, nyumbu 4 ndi nkhwazi 4 zidafa zitamwa madzi a m'nyanjayi, kuphatikizapo ng'ombe ndi mbuzi za m'mafamu oyandikana nayo. Nsomba zidayandama m'mbali mwa gombe ndipo usodzi udaletsedwa. Madzi omwewo ndi amene amakokedwa kupita ku Morton Jaffray, malo otsukira madzi akumwa a mzinda, kenako n'kufika m'mipopi yathu. Malamulo aakulu aja, pa gawo 73 ndi gawo 77, amatilonjeza malo okhala osadwalitsa ndi madzi abwino akumwa. Patatha miyezi 7 zipembere zija zitafa, dziko lathu lidalandira alendo a msonkhano waukulu wa pangano la Ramsar, loteteza madambo ndi nyanja, ku Victoria Falls, pomwe Chivero, yomwe idalembedwa m'kaundula wa Ramsar mu 2013, inali yobiriwira ndi ndere.

Chomwe chatilimbitsa mtima n'chakuti nyanjayi idadwalapo matenda omwewa ndipo idachira. Damuli lidamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952, nthawi imeneyo likutchedwa Lake McIlwaine. Pofika m'ma 1960 ndere inali itayamba kale kuvuta. M'ma 1970 khonsolo idasiya kuthira madzi a suweji molunjika m'mitsinje, idawapatutsira m'mafamu ake kukathirira msipu wa ng'ombe, kenako idamanga matanki ochotsa zakudya za ndere m'malo otsukira suweji a ku Firle ndi ku Crowborough. Zaka za m'ma 1970 zisadathe, madzi a m'nyanja adayamba kuyera, ndipo akatswiri a kunja ankatchula Harare ngati chitsanzo. Mankhwala ake akudziwika, ndipo zida zake zilipo ngakhale zambiri zidachita dzimbiri.

Dandaulo lathu loyamba, lomwenso ndi muzu wa ena onse, ndi suweji. Harare idakhala kumtunda kwa chitsime chake chomwe. Zambiri zotuluka m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'mafakitale zimatsetserekera ku Mukuvisi, Marimba, Ruwa ndi Nyatsime, ndipo mitsinje yonseyi imathera mu Chivero. Firle adaimanga kuti izitsuka malita 144 miliyoni patsiku, Crowborough malita 54 miliyoni, pomwe kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare. Suweji yosatsukidwa imakhala ndi phosphorus, chakudya cha zomera chopezekanso mu fetereza, wokwana mamiligalamu pakati pa 5 ndi 10 pa lita imodzi. Tiyeni tiwerengere limodzi: malita 198 miliyoni akadutsa osatsukidwa, ndiye kuti tani imodzi mpaka ziwiri za phosphorus zalowa m'nyanja tsiku limenelo. Amenewo ndi matumba 20 mpaka 40 a makilogalamu 50. Mlimi aliyense akudziwa zomwe fetereza wochuluka choncho angachite m'munda. M'madzi amameretsa ndere ndi namasupuni.

Chimene chimalakwika m'malo otsukira suwejimo si chachinsinsi. Pakhomo penipeni pamakhala zitsulo zosefera nsanza ndi mapulasitiki, kenako ngalande zodikhitsira mchenga. Kuno mchenga ndi wambiri chifukwa mabanja ambiri amakwechera mapoto ndi mchenga kapena phulusa. Ngalandezo zikapanda kukokoledwa tsiku ndi tsiku, mchenga umadutsa, umadya mapiko a mapampu, n'kukadzaza matanki mpaka malo a madzi kuchepa. Kutsogoloko ndi kumene kuli mtima wa ntchito yonse. Madzi amadutsa m'chipinda chopanda mpweya, kenako m'chipinda momwe makina amawavundula kuti mulowe okosijeni. Mabakiteriya omwe amasinthasintha pakati pa zipinda ziwirizi amameza phosphorus wochuluka kuposa yemwe matupi awo akufuna, ndipo akachotsedwa pamodzi ndi matope, phosphorus uja amachoka nawo. Koma tizilomboti ndi tamoyo. Magetsi akazima maola angapo, makina ovundula aima, tizilombo timalavula phosphorus yense m'madzi momwemo, ndipo tomwe timasintha ammonia timafooka. Kuti gulu la mabakiteriya likhazikikenso pamatenga masabata awiri kapena atatu. Choncho kuzima kwa magetsi kwa tsiku limodzi kumaipitsa madzi kwa masiku ambiri pambuyo pake. Cholakwika china chomwe anthu saonera patali ndi kusunga matope nthawi yaitali m'thanki yomaliza. Akakhalitsa momwemo amasasa, ndipo phosphorus amabwerera m'madzi otuluka.

Palinso suweji yomwe sifika n'komwe ku Firle. Mapaipi aakulu owoloka mitsinje adathetheka, zivindikiro za zitsulo zimabedwa, ndipo malo opopera akaima zonse zimasefukira mu mtsinje wapafupi. Anthu a ku Budiriro ndi Glen View safunika kuuzidwa mapeto ake. Kolera wa 2008 mpaka 2009 adapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo wa 2018 adayambira m'makomboni omwewo.

Lachiwiri ndi ndere yapoizoni ija, yomwe akatswiri amaitcha cyanobacteria, makamaka mtundu wa Microcystis. Mukaima pagombe kunja kuli bata, mudzaona madzi ataphimbidwa ngati wina wakhuthulirapo penti yobiriwira, ndipo mphepo imaikankhira kumbali komwe nyama zimamwera. Poizoni wake amawononga chiwindi. Bungwe la WHO limati madzi akumwa tsiku ndi tsiku asapitirire mayikulogalamu 1 pa lita, ndipo osambamo asapitirire 24. Amayi athu adaphunzitsidwa kuti madzi okayikitsa aziwawiritsa, ndipo pa kolera zimenezo n'zoona, koma poizoni uyu saphwanyika ndi moto wa pa mbaula. Apa tikuchenjezanso za njira yachidule yomwe imakopa anthu ambiri. Kuthira mankhwala opha ndere ngati copper sulphate m'nyanja, kapena kuthira klorini wochepa madzi asadasefedwe, kumaphulitsa ndereyo ndipo poizoni yense yemwe anali m'kati amamwazika m'madzi. Njira yoyenera ndi kuidikhitsa ndi kuisefa ili yathunthu, kenako kuthira ufa wa makala apadera, activated carbon, kuti umwe poizoni wotsala. Makala amenewa ndi odula, ndipo ndalama zomwe mzinda umataya pogula mankhwala a mitundumitundu ku Morton Jaffray ndi chindapusa cha suweji yomwe sidatsukidwe kumtunda.

Pansi pa nyanja palinso ngongole yakale. Nyengo yotentha madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi, ndipo sasakanikirana. Apansiwo amatha okosijeni chifukwa cha ndere yakufa yomwe imaolera momwemo, ndipo matope amayamba kutulutsa phosphorus yemwe adaunjikana kwa zaka makumi ambiri, pamodzi ndi ammonia ndi mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Kuzizira kukayamba cha mu Epulo, madzi amatembenuka, apansi aja n'kukwera, nsomba n'kubanika. Imfa ya nsomba ya 1996 idabwera nyengo ngati imeneyi. Tikunena izi kuti pasakhale wolonjeza anthu kuti nyanja iyera m'chaka chimodzi. Ngakhale suweji itatsekedwa mawa, matope adzapitiriza kudyetsa ndere kwa zaka zingapo. Koma kukumba matope kapena kugula makina opopera mpweya m'nyanja pomwe Mukuvisi ikuthirabe zonyansa n'kutaya ndalama. Choyamba ndi kutseka komwe zikulowera.

Ambiri mwa ife makolo athu adachokera ku Malawi, ena kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, ndipo nyanja imeneyo ili ndi phunziro kwa Harare. Chilwa ilibe mtsinje wotulukira. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe zimathiramo, koma madzi amachoka ndi dzuwa lokha, n'chifukwa chake ndi yamchere, ndipo chilichonse cholowamo chimakhala momwemo. Chivero ndi ya madzi opanda mchere ndipo ili ndi potayira, koma chaka chomwe damu silisefukira imakhala ngati Chilwa. Madzi amangozungulira: mpopi, chimbudzi, mtsinje, nyanja, mpopinso. Mchere wosungunuka suchotsedwa ku Firle ngakhale ku Morton Jaffray, ndiye ulendo uliwonse umaonjezekera. Phunziro lina ndi ili. Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2018, koma madzi akabwera matemba, makumba ndi milamba zimabwerera, chifukwa zimabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'madambo a njedza ozungulira nyanjayo. Dambo ndi lomwe limadzutsa nyanja.

Nanga madambo athu ali kuti? Limeneli ndi dandaulo lachitatu. Madambo a Harare amamwa mvula ngati chinkhupule, amadikhitsa dothi, udzu wake umayamwa zakudya za ndere, ndipo amatulutsa madzi pang'onopang'ono m'chilimwe kuti mitsinje isamayende suweji yokhayokha. Lero ambiri adadulidwa mapoloti, ena adathiridwa zinyalala za zomangamanga, ena amalimidwa mpaka pakamwa pa mtsinje ngakhale lamulo limaletsa kulima pasadakwane mamita 30 kuchokera m'mphepete. Olima m'madambowo ambiri ndi abale athu omwe, ndipo amalima chifukwa cha njala. Kuwatchetchera chimanga chitamasula sikubwezeretsa dambo. Apatsidwe malo ena mvula isadayambe. Monavale Vlei yaonetsa kuti dambo la m'tauni likasiyidwa osalimidwa, udzu wachilengedwe umabwerera, ndipo mbalame zosowa monga corn crake yochokera ku Ulaya zimapezekamo m'dzinja.

Lachinayi ndi namasupuni. Anthu a kwathu amamudziwa bwino chifukwa amatseka makina a magetsi pa mtsinje wa Shire. M'madzi onona ngati a Chivero, dera lomwe waphimba limatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka zoposa 15. Kumupopera mankhwala kumaoneka ngati kwathandiza chifukwa masamba amafota msanga, koma amamira, amaola, amatha okosijeni, ndipo zakudya zonse zomwe adayamwa zimabwerera m'madzi kukadyetsa ndere. Kumuvuula n'kumusiya pagombe n'chimodzimodzi, mvula yoyamba imamubwezera. Namasupuni wovuulidwa ndi njira imodzi yotulutsira phosphorus m'nyanja, koma pokhapokha atanyamulidwa kupita kutali ndi madzi. Anankafumbwe a mtundu wa Neochetina omwe adabweretsedwa cha m'ma 1990 amathandiza kumufooketsa, ndipo kupopera mankhwala mwachisawawa kumawachotsera chakudya ndi pokhala.

Tsopano mbalame. Dera la Chivero lalembedwapo mitundu ya mbalame yoposa 400. Zilipo za pakhomo monga nkhwazi, akakowa, atsekwe ndi abakha a m'madzi, ndipo zilipo za ulendo zomwe zimafika kuyambira Seputembala n'kunyamuka cha mu Malichi ndi Epulo: wood sandpiper, common sandpiper, greenshank, ruff, osprey, ndi anamzeze ochokera ku Ulaya. Taganizirani kambalame kotchedwa little stint, kolemera ngati magalamu 25, komwe kamaswera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kufupi ndi madzi oundana. Kakafika kuno kamathamangathamanga pamzere pomwe madzi akumana ndi matope, kakujompha timphutsi mofulumira ngati singano ya makina osokera. Sikasambira ndipo sikatera mumtengo. Kamafuna thope loyera ndi madzi osapitirira chala chimodzi kuya. Thopelo likaphimbidwa ndi namasupuni wofota, mabotolo ndi maukonde otayidwa, kamasowa podyera, ndipo mu Malichi kamalephera kunona mokwanira kuti kauluke makilomita masauzande kubwerera kwawo. Kuchepa kwa mbalame zotere sikuchita phokoso ngati imfa ya chipembere, kumaoneka m'kawerengedwe kokha.

Pali ngozi inanso yomwe tikupempha a ZimParks aikonzekere isadagwe. Nsomba zakufa zikasiyidwa pagombe kukutentha, mabakiteriya oyambitsa matenda olemaza a botulism amaswana m'mitemboyo. Mphutsi za ntchentche zimasonkhanitsa poizoniyo osafa nazo, ndipo bakha akadya mphutsi zochepa chabe amalemala miyendo ndi mapiko, khosi limalendewera, n'kumira. Mtembo wakewo umaswanso mphutsi zina. Unyolo umenewu umaduka ndi ntchito ya manja: kutola mitembo m'mawa uliwonse, n'kuikwirira mozama kutali ndi madzi kapena kuitentha.

Za asodzi sitichulukitsa. Chiletso chinali choyenera pofuna kuteteza ogula, koma mabanja omwe amadalira ukonde, ndi amayi ogulitsa nsomba m'misika, adalangidwa pa mlandu womwe sadapalamule. Ndipo chiletso chopanda chothandizira chimangosamutsira usodzi ku mdima, nsomba zosayezedwa n'kumafikabe pa mbale.

Potengera zonsezi, tikupempha izi mwaulemu:

1. Firle ndi Crowborough zilumikizidwe ku magetsi osazimitsidwa, monga zimakhalira zipatala zazikulu, ndipo zikhale ndi majenereta okwanira kuyendetsa makina ovundula ndi mapampu obweza matope. Zitsulo zosefera ndi ngalande za mchenga zikonzedwe poyambirira chifukwa ndi zotchipa ndipo zimateteza zida zina zonse. Pakhale thanki ya ferric chloride kapena alamu yothira pomwe mabakiteriya afooka. Cholinga chikhale cholembedwa: madzi otuluka asapitirire miligalamu 1 ya phosphorus pa lita. Matanki owoletsera matope akakonzedwa amatulutsa gasi yemwe angayendetse ena mwa makinawo.

2. Mapampu ndi mapaipi opita ku mafamu a khonsolo atsitsimutsidwe, ndipo malo a mafamuwo asadulidwenso mapoloti. Dothi ndi msipu wa kumeneko ziziyezedwa chaka ndi chaka, chifukwa munda womwe wamwa suweji zaka zambiri umakhuta phosphorus ndi zitsulo zapoizoni, n'kuyamba kuzitayira mu mtsinje.

3. Khonsolo itulutse mapu a malo onse pomwe suweji ikutayikira m'mitsinje, ndipo paipi yaikulu ikaphulika ikonzedwe pasadathe maola 24.

4. Chitungwiza, Ruwa ndi Norton zikhale pa muyeso womwewo. Kukonza Firle pomwe malo otsukira suweji a ku Zengeza ku Chitungwiza akuthirabe mu Nyatsime sikungapulumutse nyanja, ndipo Damu la Manyame kumunsiku limalandira zonse zosefukira ku Chivero.

5. Mafakitale a ku Workington, Southerton, Graniteside, Willowvale ndi Msasa azitsuka madzi awo asadawathire m'mapaipi a mzinda, chifukwa asidi, mafuta ndi zitsulo zimapha mabakiteriya a ku Firle. Malamulo a SI 6 a 2007 amagawa zilolezo zotayira madzi oipa m'magulu a buluu, obiriwira, achikasu ndi ofiira, ofiirawo ndiwo oipitsa kwambiri. A EMA alengeze omwe ali m'gulu lofiira, awapatse tsiku lomaliza lotulukiramo, ndipo malipiro ake akwere kuposa mtengo womangira chotsukira, kuti kulipira kusakhale kotchipa kuposa kukonza.

6. Zilolezo zomanga m'madambo ziyimitsidwe, malire a madambo otsala aikidwe zikhomo zooneka, ndipo pomwe Mukuvisi ndi Marimba zimalowera m'nyanja pabzalidwe mabango ndi njedza, zomwe zizidulidwa ndi kuchotsedwa chaka chilichonse nyengo yoswana mbalame itapita.

7. Namasupuni azivuulidwa kuyambira kumathiriro a mitsinje, atchingidwe ndi zingwe zoyandama, ndipo azinyamulidwa tsiku lomwelo kukaunjikidwa pomwe madzi ake sangayenderere m'nyanja. Manyowa ake ayezedwe zitsulo asadapatsidwe kwa alimi a ndiwo zamasamba. Ntchito imeneyi, ndi yotola mitembo ndi maukonde otayidwa, ipatsidwe kwa asodzi omwe adaletsedwa, pa malipiro, chifukwa ali ndi mabwato ndipo amadziwa ngodya iliyonse ya nyanjayi.

8. Madzi aziyezedwa sabata iliyonse pa malo osasintha: potulukira pa Firle ndi Crowborough, pamathiriro a mitsinje, pokokera madzi a mzinda, ndi m'mipopi ya m'makomboni. Pa nyanja okosijeni aziyezedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, mita ndi mita, kuti kutembenuka kwa madzi kuzidziwika kusadachitike. Zotsatira za phosphorus, ammonia, mchere ndi poizoni wa ndere zizilengezedwa pa wailesi ndi m'zipatala za makhonsolo, m'Chishona, Chindebele, Chichewa ndi Chingerezi. Chiletso cha usodzi chizichotsedwa kapena kubwezeredwa potengera kuyeza kwa mnofu ndi chiwindi cha nsomba.

9. Magombe a matope omwe mbalame za ulendo zimadyerapo azindikiridwe ndi kuyeretsedwa Seputembala asadafike, ndipo mabwato a injini asayandikireko mpaka Epulo. Kawerengedwe ka mbalame za m'madzi ka Januwale ndi Julaye, komwe a BirdLife Zimbabwe amatenga nako mbali, kazisindikizidwa pamodzi ndi zotsatira za madzi.

10. Ndalama zomwe anthu amalipira pa madzi ndi suweji zisungidwe m'thumba lakelake, ndipo lipoti la momwe zagwirira ntchito lizituluka miyezi itatu iliyonse.

Tamva kuti chiyembekezo cha ambiri chili pa Damu la Kunzvi, lomwe cholinga chake ndi kupatsa Harare madzi ena. Madzi ake tidzawalandira ndi manja awiri, koma madzi oonjezera olowa mumzinda amatanthauzanso suweji yoonjezera yotsikira ku Firle ndi Crowborough, ndipo yonseyo idzathera mu Chivero momwemo. N'chifukwa chake pempho loyamba lisadikire Kunzvi.

Tikupempha kuti pasadathe masiku 60 muitanitse msonkhano wapoyera, umodzi ku Mbare ndi wina kufupi ndi nyanja, pomwe mainjiniya a makhonsolo adzatiuze kuti mwa matanki a ku Firle, Crowborough ndi Zengeza ndi angati akugwira ntchito lero, chomwe chidaonongeka pa ena onsewo, mtengo wokonzera, ndi mwezi womwe lililonse lidzayambirenso kuzungulira.

Ndife anu mwaulemu,
anthu olankhula Chichewa omwe timamwa madzi a Chivero.